Vaseline ndi Kondomu Siziyendera Limodzi

Mayi wina wa ku Mchinji wandilembera pa imelo kufunsa chifukwa chake makondomu amang'ambika kawirikawiri akakhala ndi amuna awo, chikhalirecho amapaka Vaseline kuti asamamve kuwawa. Akufunanso kudziwa ngati zofewetsera zogulitsidwa m'mafamase zimapha kachilombo ka HIV.

Mayi, gwero la vutoli ndi Vaseline yemweyo. Makondomu ambiri aabambo amapangidwa ndi mphira wa latex, ndipo mafuta aliwonse, kaya Vaseline, ophikira ngakhale odzola, amafooketsa mphirawo m'mphindi zochepa chabe. Zoyenera kugwiritsa ntchito ndi zofewetsera zopangidwa ndi madzi kapena silicone.

Pa funso lachiwiri, palibe chofewetsera chomwe chimateteza ku HIV pachokha. Ntchito yake ndi kuchepetsa kukhuzana komwe kumang'amba kondomu ndi kusiya timabala tolowera kachilombo. Apa mpomwe kafukufuku amafunika, pakuti kale anthu ankakhulupirira mankhwala opha umuna a nonoxynol-9 chifukwa ankapha kachilomboka mu labotale, koma zotsatira zomwe zidasindikizidwa mu 2002 zidaonetsa kuti amayi omwe ankawagwiritsa ntchito pafupipafupi ankatenga HIV mosavuta, poti mankhwalawo ankasupula khungu lam'kati. Mu 2012 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidachenjezanso za zofewetsera zina zamadzi zomwe zimayamwa madzi m'maselo, n'kulangiza kuti mlingo wa mphamvu yoyamwa madziyo, womwe umatchedwa osmolality, usapitirire 1200 mOsm/kg.

Chimandipweteka n'chakuti munthu wamba wa ku Kamwendo kapena ku Mkanda, ku Mchinji komweko, alibe njira yoyezera zimenezi payekha. N'chifukwa chake ndimalimbikira kunena kuti zofewetsera zolowa m'dziko muno ziziyezedwa zisanafike pa msika, ndiponso kuti paliponse pogawa makondomu pazipezeka zofewetsera zoyenera, popanda kumuyang'ana wopemphayo ngati wachiwerewere.

Amalawi tili ndi mphamvu yolankhulapo, chifukwa amayi a ku Lilongwe ndi Blantyre adatenga nawo mbali pa kafukufuku wa ASPIRE, yemwe mu 2016 adapeza kuti mphete yoika kumaliseche yokhala ndi mankhwala a dapivirine imachepetsa chiopsezo chotenga HIV ndi 27 peresenti, ndipo WHO idaivomereza mu 2021.

Pakadali pano, Mayi, kondomu ikang'ambika pomwe simukudziwa mmene m'magazi mwa amuna anu mulili, thamangirani kuchipatala maola 72 asanathe kuti mukalandire PEP, mankhwala oteteza ku HIV omwe munthu amamwa akangokhala pa chiopsezo chotenga kachilomboka, ndipo mukafunsenso anamwino za PrEP, mankhwala omwe munthu wopanda HIV amayambiratu kulandira kuti adziteteze.