Funsani Aphunzitsi: Ana ayamba kutchulana "kapolo" nditaphunzitsa za ukapolo

FUNSO

Zikomo amayi. Ndine mphunzitsi wa Sitandade 6 pasukulu ina ya pulayimale chakumtunda kuno, mbali ya Namwera. M'kalasi mwanga muli ana oposa 100. Ambiri ndi Ayao achisilamu, ena ndi Anyanja ndi Alomwe achikhristu. Teremu yathayi tinafika pa mutu wa malonda a akapolo, ndipo ndinatchula mafumu amene ankachita nawo malondawo. Pa buleki ndinamva mnyamata wina akuuza mnzake kuti, "Agogo ako ankagulitsa anthu," winayo n'kubweza kuti, "Ndiye kuti iweyo ndiwe kapolo wathu." Kamtsikana kena kanajomba mpaka ndinachita kukakatenga kwawo. Mphunzitsi mnzanga akuti tipange sewero, ana ena tiwamange zingwe m'khosi kuti onse amve kuwawa kwake. Ine ndikufuna ana adziwe mmene ufulu unabwerera, komanso aphunzire kuchitirana chifundo. Mabuku ndi ochepa, magetsi kulibe. Ndichite chiyani?

Mphunzitsi wodandaula, Namwera

YANKHO

Aphunzitsi, pepani ndi zimene mwakumana nazozi, ndipo zikomo kuti munapita kukamutenga mwanayo. Mutuwu musausiye. Mwana wa ku Mangochi akapanda kuumva kwa inu adzaumva kumsika kapena kudoko, ndipo kumeneko adzaumva wopotoka.

Ndiyambe ndi sewero la zingwelo popeza ndi lachangu: musalole. Mwana amene mwamumanga chingwe lero, dzina la "kapolo" limukakamira mpaka Sitandade 8, ndipo amene mwamupatsa chikwapu akoma nacho mtima. Belu likalira sewero limatha kwa inu, kwa ana silitha. Ku America mphunzitsi wina, Jane Elliott, mu 1968 anagawa ana a m'kalasi mwake potengera mtundu wa maso, n'kuwauza kuti gulu lina ndi loposa linzake. Tsiku lomwelo ana amene ankasewera limodzi anayamba kunyozana. Iye ankafuna kuwaonetsa kuipa kwa tsankho, koma mpaka lero aphunzitsi ambiri amatsutsa njirayo chifukwa cha zimene imasiya mumtima mwa mwana. Inu muli ndi ana oposa 100, simungathe kuona aliyense amene wapwetekedwa.

Tsono pa mawu aja akuti "agogo ako ankagulitsa anthu". Mankhwala ake si kubisa mayina. Mponda, Makanjira ndi Jalasi ankachitadi malonda a akapolo, ndipo n'chifukwa chake Angerezi anamanga linga la Fort Johnston mu 1891, dzina limene boma lathuli linkadziwika nalo kale. Koma ana akamva mayina atatu okhawo, amaganiza kuti ukapolo unali ntchito ya mtundu umodzi. Auzeni nkhani yonse. Ku Nkhotakota kunali Jumbe, ku Karonga kunali Mlozi, kumunsi kwa Shire ndi ku Zambezi kunali Apwitikizi, ndipo ogula anali kutali, ku Kilwa ndi ku Zanzibar, kumene anthu ankakalima minda ya eni chuma. Ayao ambiri nawonso anagwidwa n'kugulitsidwa. Ndipo Angerezi amene anathetsa malondawo ndi omwewo anabweretsa msonkho wa nyumba, ndipo m'minda ya azungu anthu anayamba kugwira thangata.

Pali mnyamata mmodzi amene ndimafuna mwana aliyense wa m'boma lino amudziwe: Chuma. Anali Myao, anagwidwa ukapolo ali mwana, n'kumasulidwa mu 1861 pa nthawi imene David Livingstone ndi amishoni a ku Magomero ankamasula akapolo kumapiri a Shire. Atakula anayenda ndi Livingstone zaka zambiri. Livingstone atamwalira mu 1873 kwa Chitambo, m'dziko limene lero ndi Zambia, Chuma ndi mnzake Susi anatsogolera anthu amene ananyamula mtembowo miyezi yambiri mpaka ku Bagamoyo, kugombe la nyanja ya mchere. Mukafotokoza zimenezi, afunseni anawo kuti, "Nanga Chuma anali wa mbali iti?" Musawayankhire. Asiyeni akangane pang'ono. Ine ndaonapo kalasi yonse ili zii pa funso limeneli, kenako kamnyamata kokhala kumbuyo, kamene sikankakweza mkono chaka chonse, kakunena kuti, "Madamu, ndiye kuti munthu sumudziwa ndi mtundu." Zikachokera m'kamwa mwa mwana zimakhala, zikachokera pabolodi zimafufutika ndi choko chomwe.

Kenako nenani poyera, ana onse akumva, kuti palibe mwana m'kalasimo amene anagulitsa munthu, ndipo palibe amene ali kapolo. Malamulo oyendetsera dziko lino, m'chaputala 4 chokamba za ufulu wachibadwidwe, amaletsa ukapolo ndiponso kusala munthu chifukwa cha mtundu, chipembedzo, chilankhulo kapena ulumali. Anyamata awiri aja musawagwaditse pamaso pa anzawo. Aitaneni padera, ndipo muwapatse ntchito imodzi yoti agwire limodzi.

Ntchito yake ingakhale iyi. Tulukani panja, pansi pa mtengo wa mango. Ana ajambule mapu pansi ndi kamtengo: nyanja, mtsinje wa Shire pamene ukutuluka, nyanja ya Malombe, mapiri a Namwera. Phulusa likhale madzi, miyala ikhale midzi ya mafumu, zitsononkho zikhale malinga. Ulusi kapena luzi lionetse njira yopita kum'mawa, ku Kilwa. Inu a Namwera muli ndi mwayi, pakuti mabwinja a linga la Fort Mangochi ali paphiri m'dera lanu lomwelo, pamene panali mudzi wa Jalasi asanagonjetsedwe mu 1895. Amene ali pafupi ndi boma angawatengere ana ku Lake Malawi Museum, n'kuima pa nsanja ya wotchi ija ili pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Ana ambiri amaidutsa tsiku ndi tsiku akugulitsa zitumbuwa osadziwa kuti ndi chikumbutso cha Mfumukazi Victoria, amene ankalamulira pamene dziko lino linayamba kukhala pansi pa Angerezi.

Za mabuku musadandaule kwambiri. Buku la mbiri muli nalo m'kachikwama kanu ka ndalama. Tengani K100, K200 ndi K500, gawani ana m'magulu, ndalamazo zizungulire (muziwerenge zikabwerera). Pa K500 pali John Chilembwe, amene anatsegula mishoni ya Providence Industrial Mission (PIM) ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, mu 1900, n'kuukira atsamunda pa 23 Januwale 1915 chifukwa cha thangata, kutenthedwa kwa matchalitchi ake, ndiponso kutengedwa kwa anthu akuda kupita kunkhondo ya azungu. Pa K100 pali James Sangala, mmodzi mwa amene anayambitsa chipani cha Nyasaland African Congress. Koma muchedwe pa K200. Mayi ali pamenepo ndi Rose Chibambo, amene anasonkhanitsa amayi kukana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Boma la atsamunda litalengeza za ngozi pa 3 Malichi 1959, tsiku limene lero timakumbukira anthu ofera dziko, iye anamangidwa mwezi womwewo atangobereka kumene, n'kupita kundende ya Zomba ndi khanda m'manja. Atsikana amamvetsera nkhaniyi ndi maso ali tong'o. Afunseni kuti, "Kodi amene anatsala kusamala ana ake ena kunyumba anali ndani? Amene ankamutumizira chakudya ndi nsalu za mwana?" Mayina a anthu otero sali pa ndalama, koma popanda iwo mayi uja sakanapirira. Apa ndi pamene phunziro la mbiri limakumana ndi la chifundo, ndipo ine sindiona chifukwa choziphunzitsira padera, china ku Social Studies china ku Life Skills.

Ngati mukufunabe sewero, likhale la anthu amenewa. Palibe womangidwa, palibe womenya. Mwana mmodzi afotokoze zimene zachitika, ena asewere anansi amene amva nkhaniyo: wina akuopa, wina akuti "si zanga", wina akutenga ufa kupita nawo kubanja limene bambo ake atengedwa usiku. Mukatero muimitse sewerolo pakati, n'kufunsa owonera kuti akanakhala iwo akanatani.

Nkhani zakunja zilinso ndi malo ake, makamaka chifukwa m'kalasi mwanu mulibe mdzukulu wa aliyense wa m'nkhanizo, choncho ana amaziweruza momasuka. Za Rosa Parks, amene anakana kusiyira mzungu mpando m'basi ku Montgomery pa 1 Disembala 1955, ana athu amazimva msanga, makamaka mukawauza kuti anthu akuda anakana kukwera mabasi masiku 381, n'kumayenda wapansi kupita kuntchito. Koma imene imawagwira mtima ndi ya Ruby Bridges, kamtsikana ka zaka 6 kamene mu Novembala 1960 kanayamba sukulu ya azungu okhaokha ku New Orleans, kakuperekezedwa ndi apolisi a boma chifukwa panja panali khamu lotukwana. Makolo achizungu anachotsa ana awo, ndipo mphunzitsi mmodzi, Barbara Henry, anamuphunzitsa Ruby ali yekha m'kalasi kwa chaka. Mukamaliza, ana alembe kalata yaifupi kwa Ruby ngati kuti ali naye kalasi imodzi. Amene Chichewa chikumuvuta anene pakamwa m'Chiyao, mnzake amulembere. Musalole kuti asekedwe. Paja ana a ku Soweto amene timawakumbukira pa 16 Juni, Tsiku la Mwana wa mu Africa, anaomberedwa mu 1976 chifukwa chokana kukakamizidwa kuphunzira m'chilankhulo cha Afrikaans.

Kenako funso lovuta: "M'kalasi muno, amene amadya yekha pa buleki ndani?" Asatchule dzina mokweza. Inu mukumudziwa kale. Mwina ndi mwana wachialubino amene anzake amakana kukhala naye desiki imodzi, mwina ndi mtsikana amene wabwerera kusukulu atabereka, mwina ndi mnyamata amene amajomba chifukwa chopita ndi amalume ake kunyanja nthawi ya usipa. Gulu lililonse la ana ligwirizane chinthu chimodzi chooneka choti lichite sabata imeneyo: kumukoperera notsi wojombayo, kumusungira malo kutsogolo amene maso amamuvuta, kusesa m'malo mwa amene akusala kudya pa Ramadan. Lachisanu muzimva malipoti. Mphatso musapereke, chifukwa mukayamba kupereka masiwiti ana amayamba kuchita chifundo pokhapokha inu mukuyang'ana. Ine ndinkangoika botolo lopanda kanthu patebulo. Amene wachitiridwa chabwino ndiye ankaponyamo kambewu ka chimanga, osati amene wachita. Likadzaza tinkathyola phunziro lomaliza n'kukasewera mpira wa manja tonse.

Ndipo lembani pakhoma nambala ya 116, yaulere, yothandiza ana amene akuchitiridwa nkhanza. Mukayamba kukamba za ufulu, mwana wina adzabwera kudzakuuzani zimene zikumuchitikira kunyumba, ndipo muyenera kukhala okonzeka kudziwitsa aphunzitsi aakulu ndi amayi a Mother Group.

FUNSO

Amayi, mwana wanga wa Sitandade 7 anapatsidwa homuweki yoti akafunse agogo ake za moyo wa nthawi ya chipani chimodzi. Bambo anga atangomva funsolo anadzuka pamkeka n'kulowa m'nyumba, tsiku lonse osalankhula. Mwana akuganiza kuti walakwa. Kodi aphunzitsi akuchita bwino kupereka ntchito zotere?

Mayi wa ana anayi, Malindi

YANKHO

Mayi, mwanayo mumuuze lero lomwe kuti sanalakwe. Homuwekiyo ndi yabwino, ine ndemwe ndinkaipereka, koma kwanu ku Malindi ndi nkhani yofunika kuigwira ndi manja awiri. Henry Masauko Chipembere anali phungu wa Fort Johnston, ndipo kuukira kwake boma la Kamuzu Banda mu Febuluwale 1965 kunayambira m'dera lanulo, kudutsa pa boma, n'kukathera pa doko la Liwonde. Zitatero midzi yambiri inazunzidwa, anthu anatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, ndipo pambuyo pake anthu mazanamazana a m'mudzi wa Moto anatengedwa kupita kundende. Anthu a msinkhu wa bambo anu anakula akudziwa kuti mawu olankhula pakhonde angathe kukusowetsa. Mantha amenewo sanathe pa 14 Juni 1993, tsiku limene anthu anavotera nyali ya zipani zambiri m'malo mwa tambala wakuda wa chipani chimodzi.

Musawakakamize. Mwana ayambe ndi mafunso opepuka, ndipo afunse inu kapena agogo ake aakazi: kodi khadi la chipani ankalifunsa pati, pamsika kapena pokwera basi? N'zoona kuti amayi sankaloledwa kuvala buluku? Fizi ya pulayimale inkavuta bwanji isanathetsedwe mu 1994? Zimenezi ndi zokwanira homuweki. Aphunzitsi akewo muwalembere kakalata kapena muwaone nokha, muwapemphe kuti ulendo wina aziwauza ana kuti wamkulu ali ndi ufulu wokana kuyankha, ndiponso kuti pofotokoza m'kalasi asamatchule mayina a anthu a m'mudzi, pakuti mdzukulu wa amene ananenera anzake kwa a Payoniya akhoza kukhala pa benchi yomweyo. Bambo anu mukawapatsa madzi osamba madzulo ano, muwauze kuti mdzukulu wawo sanatumidwe ndi munthu, ndi za kusukulu chabe, ndipo tsiku limene adzafune kufotokoza adzawapeza ali pomwepo ndi kope lake.