Kodi "bollocks" ndi kutukwana? Yankho kwa achemwali a ku Leeds

Achemwali ena amene amasamalira okalamba ku Leeds, mzinda wa ku England, andilembera imelo. Akuti agogo ena aamuna atawauza kuti adokotala aletsa shuga m'tiyi, anakankhira kapu uko n'kunena kuti "Bollocks!" Ndiye akufunsa: kodi anditukwana? Ndikanene kwa abwana?

Achemwali, mtima m'malo. Agogowo sanatukwane inu, anakwiyira lamulo la adokotalalo.

Koma ndisakubisireni, liwuli si laukhondo. Pepani pakamwa, tanthauzo lake lenileni ndi machende. Ndi liwu lakalekale, moti likupezeka ngakhale m'Baibulo lachingerezi la Wycliffe la m'ma 1300, nthawi imene silinkamveka ngati zolaula. Masiku ano Mngerezi akalitchula sakhala akuganiza za chiwalocho. Amatanthauza "zamkutu", "mbwerera zokhazokha", kapena "bodza limenelo". Wina akamenya chala ndi hamala kapena basi ikamusiya, limatulukanso lokha pakamwa. Ku America simulimva kwenikweni, kwawo ndi ku Britain ndi ku Ireland.

Chosokoneza n'chakuti limasintha malinga ndi mawu oyandikana nalo. Mnzanu wa kuntchito akati abwana amupatsa "a bollocking", ndiye kuti amukalipira koopsa. Koma akaloza foni yake yatsopano n'kuti ndi "the dog's bollocks", akuitama kuti palibe ina yoposa imeneyo. Galu walowamo bwanji, musavutike nazo, ingodziwani kuti pamenepo akuyamikira.

Liwuli linafikapo mpaka kukhoti. Mu 1977 ku Nottingham, woyang'anira sitolo yogulitsa zimbale ya Virgin anazengedwa mlandu chifukwa choika pawindo chimbale cha gulu la Sex Pistols chokhala ndi liwuli pachikuto. Pulofesa James Kinsley wa payunivesite ya Nottingham anaikira umboni kuti ndi liwu lakale ndipo pamenepo linkatanthauza zachabechabe. Khoti linapeza kuti munthuyo sanalakwe. Bungwe la Ofcom, loyang'anira mawayilesi ndi ma TV ku Britain, pa kafukufuku wake wa 2016 linaliika pakatikati: si m'gulu la mawu oipitsitsa, komanso si lopepuka.

Pakatikati pomwepo ndi pamene pamandidetsa nkhawa. Mukamalimva tsiku ndi tsiku khutu limazolowera, kenako tsiku lina lidzakupulumukani pamaso pa achibale a agogowo kapena pa intavyu. Mwini chinenero amadziwa pamene angalinene n'kukhululukidwa. Ife tinachiphunzira kusukulu, malire amenewo sitiwamva msanga, ndipo ntchito ya chisamaliro sichedwa kuthera pakamwa. Mukafuna kutsutsa zinazake nenani "rubbish" kapena "nonsense", palibe angakudzudzuleni.

Za kukanena kwa abwanazo, pa liwu ili lokha musavutike. Lembani m'buku la ripoti kuti agogo akana tiyi wopanda shuga, chifukwa zimenezo n'zimene anesi akufunika kudziwa. Koma akadzayamba kukulozani chala ndi mawu onyoza khungu lanu kapena kumene munachokera, imeneyo ndi nkhani ina, ndipo mukanene tsiku lomwelo.