Akuti sakukutchulani, ndiye kafukufuku wanu alibe ntchito?

Achemwali ena ophunzitsa pa yunivesite andilembera imelo. Akuti h-index yawo, nambala yoonetsa mmene ofufuza ena amatchulira mapepala awo, ndi yotsika, ndiye akufunsa ngati kafukufuku wawo wa chuku cha mtedza ali ndi phindu. Achemwali, mwandikhudza pachilonda.

Nanenso ndinakhalapo pamaso pa komiti yokweza anthu pa ntchito. Ndinanyamula kabuku ka m'Chichewa kamene ndinalembera alangizi a zaulimi, kamene mlangizi wina anandibwezera masamba atapindika, chikuto chitada ndi thukuta la m'manja chifukwa choyenda nako pa njinga. Bambo wina m'komitimo sanakakhudze n'komwe. Anatsegula Google Scholar, tsamba la pa intaneti losonyeza kangati mapepala a munthu atchulidwa ndi ofufuza ena, pa laputopu, n'kunena kuti, "Koma anthu sakukutchulani." Mtima unandiwawa, ndipo mpaka lero ukuwawabe. Mlangizi salemba mapepala a kafukufuku, nanga akanditchulira kuti?

Nambala ina, yotchedwa impact factor, ndi ya magazini; sinapangidwe kuti iziyezera munthu. Eugene Garfield anayambitsa impact factor pothandiza kusankha magazini a sayansi oyenera kusungidwa, ndipo imangoona mmene nkhani za zaka ziwiri zapitazo zatchulidwira. H-index anaibweretsa Jorge Hirsch mu 2005: ikakhala 10, ndiye kuti muli ndi mapepala 10 amene lililonse latchulidwa kosachepera ka 10. Basi.

Taonani izi. Pepala la Oliver Lowry la mu 1951 latchulidwa koposa ka 300,000, chifukwa limafotokoza njira yoyezera mapuloteni imene aliyense mu labu amaifuna. La Watson ndi Crick la mu 1953 lonena za kapangidwe ka DNA silifika n'komwe pamenepo. Pepala labodza la Andrew Wakefield lokhudza katemera, limene magazini ya zachipatala ya The Lancet inalichotsa mu 2010, anthu ambiri analitchula polidzudzula, koma kompyuta imangowerenga zonse ngati ulemu. Gregor Mendel anasindikiza za nsawawa zake, zosonyeza mmene zamoyo zimatengera kwa makolo, mu 1866, dziko n'kumugonera mpaka 1900. Akanakumana ndi komiti yanga ija, akanamuuza kuti abwerere kumunda.

Kwathu kuno nkhaniyi imapweteka kwambiri. Mu 1989 Malcolm Molyneux, Terrie Taylor ndi anzawo anafotokoza njira yoyezera kukomoka kwa mwana wodwala malungo aakulu, yotchedwa Blantyre Coma Scale. Pepalalo limatchulidwa ndithu, koma namwino amene usiku akutsina chala cha mwana n'kumvetsera kulira kwake sawerengedwa paliponse, pamene phindu lenileni lili pabedi pamenepo. Ine ndafika poti komiti yongoona manambala ndimaitcha yaulesi. Yafuna njira yosawerengera ntchito ya munthu.

Nanga mutani?

Musawataye manambalawo, amasonyeza ngati ofufuza anzanu akukuwerengani. Koma sungani umboni wina: kalata ya ku unduna, malangizo a boma amene atengapo zotsatira zanu, pulogalamu ya pa wailesi, gulu la alimi limene lasintha kaumitsidwe ka mtedza. Mukapita ku komiti, akumbutseni za chikalata cha DORA cha ku San Francisco cha mu 2012, chimene chimakaniza kuyeza munthu ndi impact factor ya magazini. Ndipo magazini aja okulonjezani kusindikiza m'sabata imodzi mukalipira madola, musawayankhe n'komwe.