Zoonetsa cricket ya India ndi Pakistan mu holo imodzi

Achimwene, mukuti mukufuna kuonetsa masewero a cricket a India ndi Pakistan mu holo imodzi kuti Ahindu ndi Asilamu aonerere limodzi; musapupulume nazo. Cholinga chanu chogwirizanitsa aneba athu achimwenye ndi chabwino, koma ku Leicester, mzinda wa ku England, moto unayambira pa masewero omwewa. Pa 28 Ogasiti 2022, India itagonjetsa Pakistan mu mpikisano wa Asia Cup, anyamata anadzaza ku Belgrave, dera la mumzindawo, ndi mbendera, kutukwanizana kunayamba, zibakera n'kutsatira. Zikanathera usiku womwewo, koma mafoni anakolezera.

Kunafala mphekesera yoti Ahindu amafuna kuba mtsikana wachisilamu, ina yoti mzikiti waukiridwa. Apolisi anatsutsa zonse ziwiri bodza litafika kale patali. Loweruka pa 17 Seputembala amuna mazana angapo, ena atadziphimba kumaso, anaguba mpaka Green Lane Road komwe kuli mashopu ambiri a Asilamu, akukuwa mawu a Ahindu otamanda mulungu wawo Ram, oti "Jai Shri Ram". Pofika madzulo mabotolo anali kuuluka, wina anakwera pakachisi wa Ahindu wa ku Belgrave Road n'kuzula mbendera. Apolisi ambiri anali atapita ku London kukalondera maliro a Mfumukazi Elizabeth, otsalawo anachepekedwa.

Ondipsetsa mtima ndi aja okhala kutali, ali phee pampando, kumangotumiza mauthenga za msewu womwe sanaupondepo. Mabanja ambiri achimwenye mumzindawu anathamangitsidwa ndi Idi Amin ku Uganda mu 1972, ena anachoka kwathu ku Malawi Kamuzu atawaletsa kuchita malonda kumidzi. Mhindu ndi Msilamu anavutikira limodzi, ambiri amalankhula Chigujarati chimodzimodzi, lero ana awo azigendana chifukwa cha munthu wosawadziwa n'komwe?

Komabe onetsani, musasiye. Komiti ikhale ya mbali zonse, olondera pakhomo chimodzimodzi, chifukwa mnyamata wolusa amamvera wakwawo. Mowa usalowe. Nyama ya ng'ombe ndi ya nkhumba ayi; ikani nkhuku ya halal, zamasamba ziphikidwe m'mapoto akeake. Apolisi adziwiretu tsiku ndi nthawi. Sankhani anthu awiri, mmodzi mbali iliyonse, oti mphekesera ikatuluka aziyamba aitsimikiza kwa apolisi asanalembe kanthu pagulu. Masewero akatha pamafunika maso kwambiri: perekani tiyi nthawi yomweyo kuti anthu azituluka pang'onopang'ono, osati chigulu mumsewu.

Ansembe ndi mashehe aitaneni, ku Leicester atsogoleri a Ahindu ndi Asilamu ndiwo anawerengera limodzi uthenga wamtendere pa 20 Seputembala. Koma musadalire iwo okha, anyamata ogenda aja sankamvera ulaliki. Pezani makochi awo a cricket.