Ng'ombe zisagulitsidwe: za mphunzitsi wofuna kupita ku America

Amayi ena a ku Katete afunsa motere: "Mwana wanga wamkazi amaphunzitsa sayansi pa sekondale ina ku Petauke. Akufuna mwayi wa aphunzitsi wopita ku America, ndipo munthu wina pa WhatsApp akuti titumize ndalama kuti dzina lake lilowe. Tigulitse ng'ombe? Nanga ntchito yake ya boma siitha?"

Amayi, ng'ombezo zikhale m'khola. Amene akufuna ndalamayo ndi wakuba.

Pologalamu imene mwana wanu ayenera kuti akunena ndi Fulbright TEA. Imatenga aphunzitsi a sekondale kwa milungu 6, kukaphunzira pa yunivesite ya ku America ndi kukagwira ntchito limodzi ndi aphunzitsi m'masukulu a kumeneko. Ndege, pogona ndi ndalama yodyera, zonse amalipira ndi boma la America. Kulembetsa kwake n'kwaulere, ndipo uthenga wake umachokera ku ofesi ya kazembe wa America ku Lusaka, osati kwa munthu wa pa foni. Palinso ina ya boma la Japan, ya MEXT (unduna wa maphunziro wa kumeneko), ya miyezi 18, yofuna mphunzitsi amene waphunzitsa zaka 5 ndipo sanakwanitse zaka 35. Ngati mukufuna kumuthandiza, muthandizeni ya pasipoti ndi ya basi ya pa Great East Road, poti ku Lusaka adzapitako kangapo.

Ntchito siitha ngati achoka mwa njira yake. Kalata ipite kwa ahedi, kenako kwa a DEBS (mkulu wa maphunziro m'boma la Petauke), kenako kwa a PEO (mkulu wa maphunziro m'chigawo chonse) ku Chipata, ndipo asakwere ndege asanalandire yankho lolembedwa. Chiphaso chake cha uphunzitsi cha ku Teaching Council of Zambia chikhalenso chatsopano. Viza imene a ku America amapereka, ya J-1, imafuna kuti munthu abwerere kwawo. Choncho musayambe kuuza achibale kuti mwana wasamukira kunja.

Mphunzitsi wina amene ndimamudziwa anapitako. Anapeza kalasi ya ana ochepa, aliyense ndi kompyuta yake, ndipo mlungu woyamba anangoti kukamwa yasa. Atabwerera anapeza ana atadzaza mpaka pakhomo, monga zakhalira kuyambira 2022 pamene sukulu inakhala yaulere. Poyamba anakhumudwa, n'kumaona ngati ulendo wonse unali wongokayenda. Chimene chinamuthandiza chinali chaching'ono kwambiri: phunziro likamatha, mwana aliyense alembe pa kapepala chimene sanamve. Madzulo amawerenga timapepalato, m'mawa n'kuyambira pomwepo. Sizifuna magetsi. Anzake a pasukulupo anayamba amuseka, pano ena akuchita zomwezo.

Ndipo za kunja zimamera kuno, zikagwirizana ndi nthaka. Njira ija yoti aphunzitsi akonzere limodzi phunziro, mmodzi aphunzitse anzake akuonerera, kenako akambirane, inachokera ku Japan kudzera ku JICA, bungwe la boma la Japan lothandiza maiko ena, mu 2005, kuyambira ku Central Province.

Za kukwezedwa pa ntchito musamulonjeze. Satifiketi ya ulendowu imakometsa mapepala ake, koma udindo amapereka ndi a Teaching Service Commission, bungwe lolemba ndi kukweza aphunzitsi a boma. Polemba fomu asatamande America. Afotokoze vuto limodzi la m'kalasi mwake ku Petauke, monga kuphunzitsa sayansi popanda zipangizo zokwanira, ndi zimene akufuna kukachita nalo akabwerako.