Achimwene anu sanasokere

Kalata ya sabata ino yachokera ku Lizulu. Mtsikana wina akuti achimwene ake abwerako ku Joni atakhalako zaka 4, koma abwera ena. Mnzawo wapamtima ndi Msilamu, ndipo tsiku lina anakalipira mng'ono wawo atamumva akunena Msilamu wina kuti "Mnasala". Mayi awo tulo sakutiona, akuopa kuti mwana asiya mpingo. Mtsikanayo akufunsa: "Ndikauze abusa, kapena ndikhale chete?"

Chemwali, kwa abusa dikirani kaye. Ndikuuzeni za kwathu.

Ine ndinakulira ku Dedza, ndipo Asilamu sitinkachita kuwamvera pa wailesi. Kwa Tambala, m'boma lathu lomweli, Ayao achisilamu akhalako kuyambira kale. Tinkagula kwa iwo, tinkakwera nawo matola. Koma pakhomo tinkauzidwa kuti amakana nyama yathu chifukwa amatiyesa odetsedwa, kuti ndiwo anagulitsa makolo athu. Ndinameza zonsezo osatafuna.

Amene anandigwedeza ndi achemwali anga aakulu. Iwo amachita geni ya nsalu, amakapikula ku Kariakoo, ku Dar es Salaam. Ulendo wina malungo anawagwetsa m'nyumba ya alendo, ndalama zonse zitalowa kale mu katundu. Mayi wina wogulitsa zitenje, Msilamu, anawatengera kwake. Unali mwezi wa Ramadani. Mayiyo sankalawa ngakhale dontho la madzi dzuwa likatuluka, koma masana ankakoleza moto, kuphika phala, kuwamwetsa achemwali ndi supuni, iye kukhosi kuli gwa. Masiku 5.

Atabwerako sanatiyitanire msonkhano. Anangosintha kachitidwe. Pa chinkhoswe cha mng'ono wawo anaitana bambo wina wa ku mzikiti kuti adzachinje mbuzi, n'cholinga choti aneba athu achisilamu adye nawo. Amalume anang'ung'udza. Koma tsiku limenelo ndinaona anthu amene ndinkati amatinyoza akutsuka mbale limodzi ndi amayi athu mpaka mdima. Zaka zonsezo sankakana ife, ankatsata lamulo la chipembedzo chawo pa kaphedwe ka nyama. Zinandipweteka kuti chinthu chapafupi chotero sindinafunsepo aliyense.

Kenako ndinawaperekeza ulendo umodzi. Titaoloka Songwe, kudutsa Mbeya, mlendo ndinali ine: Chiswahili sindichidziwa, m'bandakucha kukundidzutsa kuitana kwa ku mzikiti. Amene ankandilozera njira, kundibwezera chenji chimene ndaiwala, ambiri anali ovala zisoti ndi mahijabu. Ndi dziko limene Julius Nyerere, Mkatolika, anasiyira mpando Ali Hassan Mwinyi, Msilamu, mu 1985. Ndinayamba kukumbukira za kwathu: Bakili Muluzi, Msilamu, analamulira kuyambira 1994 mpaka 2004, matchalitchi sanatsekedwe. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndi 13.8 pa anthu 100 alionse m'Malawi muno. Ndinafunika kupita kutali chonchi kuti ndione anthu a kwa Tambala.

Za ukapolo sindibisa. N'zoona kuti Jumbe wa ku Nkhotakota ndi mafumu ena achiyao ankagulitsa anthu. N'zoonanso kuti Angoni, makolo a ambiri a ife ku Ntcheu ndi Dedza, ankathira nkhondo midzi ya Achewa n'kugwira anthu. Palibe amene amaimba mlandu mwana wa ku Lizulu chifukwa cha mikondo ya agogo ake, ndipo sitiyenera kuimba mlandu mwana wa Msilamu.

Tsono chitani ichi. Khalani nawo pansi achimwene anu, muwafunse kuti anadziwana bwanji ndi mnzawoyo, anawasunga ndani ntchito isanapezeke, ankagona kuti. Mayi akhalepo, amve okha. Ndipo mawu aja akuti "Mnasala" achoke pakhomo panu, eni ake amawamva ngati chipongwe.

Za mpingo, auzeni mayi kuti achemwali anga mpaka lero amavala yunifomu ya Chigwirizano, ndipo Eid ikafika amaimbira foni mayi uja wa ku Kariakoo.