Yankho kwa a malume: Land Cruiser yakale kapena Prado ya ku Japan

A malume, mwaswera bwanji kumeneko? Pepani ndayankha mochedwa, manja anali mu girisi tsiku lonse, ndiye ndati ndingolankhula m'malo molemba. Funso lanu ndaliona. Mwati ndalama za penshoni zatuluka, mukufuna motoka yoti izikufikitsani kumunda kwa Mwase ku Lundazi ngakhale m'dzinja, nthawi zina kutsika mpaka ku Chama kukatenga mpunga. Ndiye mwaima pakati pa ziwiri, Land Cruiser 105 ya 2004 imene mwaiona pa yadi ina kuno ku Lusaka, ndi Prado ya dizilo ya 2016 yochita kuitanitsa ku Japan, imene mpaka muwonjezerepo ngongole. Ndaonanso asisi alemba kuti gulani yatsopano, zakale zimadya ndalama. Asisi musakwiye, ndikufikani.

Ine ndinene mosazungulira, a malume. Pa ntchito imene mwatchulayo, ine ndikanatenga 105 ija, bola ikhale kuti sinatheretu. Chifukwa changa chachikulu ndi ichi: motoka iliyonse tsiku lina idzaima panjira, ndiye muganize kuti idzaima pati, ndipo adzaigwira ndani. Inuyo motoka sidzakuferani pa Manda Hill m'tauni muno pomwe mungandiimbire foni ine n'kubwera ndi kompyuta. Idzakuferani kupitirira Lundazi, pomwe netiweki mpaka mukwere pachulu.

Manje 105 imeneyo, injini yake ndi ija timati 1HZ, malita 4.2, masilinda 6, yopanda turbo. Inayamba kupangidwa mu 1990, ndipo ndi yomweyo imene mumaiona m'ma ambulansi ndi m'motoka za mabungwe zija za Land Cruiser 70 series. Pampu yake ya dizilo ndi yachitsulo basi, palibe kompyuta yoilamulira. Ikazima, zinthu zoyang'ana n'zochepa: dizilo ikufika kodi, fyuluta yatsekeka, mwalowa mphepo mupaipi, batire ili bwanji. Makaniko wa pansi pa mtengo ku Lundazi amene anagwirapo thirakitala kapena chigayo aipeza vuto lake. Masipeya ake ali mbwee m'mashopu a m'tauni muno, ku Chipata akupezeka, ndipo mutha kuwatumiza pa basi kuchokera pa Intercity m'mawa, madzulo afika.

Pansi pakenso ndi pomwe ine ndimaikondera. Ma 105, amene anapangidwa kuyambira 1998 mpaka 2007, kutsogolo ali ndi ekiselo yathunthu, chitsulo chimodzi kuchokera tayala ili kufika linalo, ngati 80 series yakale ija. Mukalowa m'mizere yozama imene amasiya malole a thonje, tayala limodzi likakwera, difu, chibokosi cha magiya chija cha pakati pa ekiselo, nayo imakwera, simukwapula pansi msanga. Ndipo imapirira katundu. Matumba a feteleza, mbewu, mgolo wa dizilo, anthu a ku mpingo opempha lifiti, zonsezo inu ndikukudziwani simudzakana.

Prado ija ndi motoka yabwino, ndisaname. Injini yake ndi 1GD, malita 2.8, yomwenso ili mu Hilux zija timati GD-6, ndipo ku Japan anayamba kuiika mu Prado mu 2015. Ndi yaing'ono koma mphamvu imaposa 1HZ kutalitali, ndipo dizilo imamwa pang'ono. Koma mphamvu imeneyo imachokera pa common rail, pomwe dizilo imakankhidwa pa mphamvu yopitirira 2,000 bar kudutsa m'timabowo ta injekita tochepa kwambiri. Kadontho ka madzi, kafumbi pang'ono, injekita yapita. Ndipo zikayamba, kawirikawiri sizifa imodzi.

Apa wina anena kuti koma dizilo ya masiku ano ndi yoyera. Zoona, kuchokera 2023 paipi ya TAZAMA ikubweretsa dizilo ya low sulphur yoyengedwa kale kuchokera ku Dar es Salaam, ndipo pa filling station yabwino mulibe nkhawa. Vuto ndi la kumudzi, a malume, kumene tanki ikatsika mumagula ya m'zigubu, yothiridwa ndi fanelo yodulidwa ku botolo, simudziwa kuti chigubucho dzulo munali chiyani. 1HZ imeneyo imakhosomola, mumatsitsa madzi pa fyuluta, n'kupitiriza ulendo. 1GD imayatsa kanyali kachikasu pa dashibodi, n'kulowa ija timati limp mode, kompyuta yaimana mphamvu, mukukwawa. Kuti mudziwe chalakwika mpaka munthu wa makina a diagnosis, ndipo kuyikanso injekita zatsopano kumafuna kuzilembetsa mu kompyuta ya motokayo.

Pali chinanso chimene ogulitsa pa intaneti sakuuzani. Za ku Japan zimenezi zimabwera ndi DPF, sefa ya mwaye imene ili mu ekizozi, komanso tanki ya AdBlue, mankhwala amadzi oyeretsa utsi. DPF imafuna muziithamangitsa mtunda wautali kuti itenthe mwayewo. Manje inu sabata yathunthu mukuyenda pang'onopang'ono pakati pa munda ndi nyumba, giya yoyamba, yachiwiri, imatsekeka. AdBlue ikatha, kompyuta imatha kukana kulizanso injini mukaizimitsa. Kuno mumugula mosavuta, koma kumudzi mpaka muzinyamuliratu.

Asisi, tsopano mbali yanu, chifukwa simunalakwe. Ulendo wa a malume, mbali yaikulu ndi tara. Lusaka kufika ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 570, kuchoka pamenepo kukafika ku Lundazi enanso ngati 180. Ngozi zambiri zili pa Great East pomwepo, mabasi, malole, mbuzi, njinga. Prado ili ndi ma airbag, mabuleki a ABS, ndi kompyuta yoigwira ikayamba kutsetsereka. Ma 105 ambiri amene anabwera ndi mabungwe alibe zimenezo, ndi chitsulo ndi lamba basi. Pa mapiri a Manenekela, musanafike pa mlatho wa Luangwa, 1HZ yodzaza katundu imakwera ngati ng'ombe yokoka ngolo ya mchenga, ndipo kupitirira lole mpaka muone kutali kwambiri. Msana nawo udzamva, a malume, paja munkadandaula chaka chatha. Dizilonso muzikonzekera, imamwa. Zimenezo sindikubisani. Akanakhala kuti akufuna motoka yopitira ku Kulamba ku Katete kamodzi pachaka mu August, pouma, ine ndikanati Prado, nkhani yatha. Koma akukakhala kumunda, ndipo December mpaka March ndi pomwe ntchito ili.

Pepani, kasitomala anabwera kudzatenga makiyi. Ndipitirize.

Chimene ndikuopa pa 105 si mtundu wake koma zimene yadutsamo. Motoka ya 2004 yagwira ntchito zaka zoposa 20, ndipo zambiri zimene zili pa mayadi zinachokera ku mabungwe, ku migodi kapena ku makampani a safari, zinagulitsidwa pa okushoni atazitopetsa. Penti yatsopano isakunamizeni. Makilomita a pa dashibodi musawakhulupirire, anyamata amabweza. Muyang'ane chiwongolero, mpando wa dalaivala ndi mapedulo mmene zaperesekera, zimenezo sizinama.

Ine ndikafika pa motoka ngati imeneyo ndimafuna ndiipeze yozizira, isanalizidwe m'mawa umenewo. Mukapeza aiwotha kale inu musanabwere, dziwani kuti pali chimene akubisa. Ikalira, utsi wakuda pang'ono poyamba si nkhani, koma wabuluu wosatha ndiye kuti ikudya oyilo, woyera wosatha ndiye injekita kapena madzi akulowa. Ndimatsegula pothirira oyilo injini ikulira, ikamapuma utsi wambiri pamenepo, ma ring atha. Radiyeta ndimaona ngati ikutulutsa thovu. Kenako ndimagona pansi ndi tochi, kutsata chasisi yonse kufuna ming'alu ndi pomwe anawotcherera, makamaka pafupi ndi bokosi la chiwongolero. Kumapeto a ekiselo ya kutsogolo kuli mipira yachitsulo ija, ikakhala yonyowa ndi girisi wosakanikirana ndi oyilo, ndiye ntchito ikudikira. Ndipo 4x4 tiyiyese pa dothi, low range, giya yamphamvu ija ya m'matope, ilowe, ituluke, osati kungomva kuti "imagwira bwana." Zina zimayenda ndi matayala akumbuyo okha chifukwa wina anachotsa shafiti ya kutsogolo kalekale.

Lamba wa timing mufunse anasintha liti. Akayamba kukanda mutu, tisintha tokha tsiku loyamba, chifukwa akaduka injini ikuthamanga, mavalavu apita.

Ndiye pa ndalama, musathire zonse pogula. Iyi ndiyo mfundo imene inandichotsa pa Prado kwenikweni. Mukatenga ngongole, muwonjezere kuitulutsa ku Dar es Salaam, kuidutsitsa pa Nakonde, msonkho wa ZRA, kulembetsa ku RTSA, inshuwalansi, mufika kumunda muli ndi motoka yokongola koma m'thumba mulibe ya injekita ngakhale imodzi, feteleza musanagule. Pa 105 mutsala ndi kenakake, ndipo kenakakeko tikaike pa radiyeta, mapaipi a madzi, ma bearing, ma bush, mashoko, mabatire ndi matayala. Mukatero kwa zaka zingapo muzingosintha oyilo ndi mafyuluta.

Matayala ndiwatchule bwino, chifukwa anthu amakangana za injini n'kuiwala chimene chikugunda pansi. Prado zambiri zimabwera ndi marimu a 17 kapena 18 ndi matayala a mumsewu wa tara, ena a chipale chofewa cha kwawoko, amene pa kutentha kwa kuno satha miyezi. 105 ili pa 16, saizi imene mupeza ngakhale ku boma. Mugule a matope kapena a all terrain, sipeya ziwiri, pampu, fosholo, chingwe chokokera cholimba ndi thabwa loika pansi pa jeke. Pa mchenga muziphwetsako mpweya pang'ono, mukabwerera pa tara n'kupopanso.

Koma za ku Chama m'dzinja, a malume, apo ndikuchondererani. Dothi lakuda la kuchigwa cha Luangwa likanyowa silisankha kuti iyi ndi yakale iyi ndi yatsopano. Limamata m'matayala mpaka mapanga onse atsekeka, ndipo 105 ndi yolemera, ikamira yamira, mpaka thirakitala. Mitsinje ya kumeneko imadzaza ndi mvula imene yagwa kumapiri inu osaiona. Mukapeza madzi akuthamanga, dikirani atsike, kapena munthu ayambe waoloka ndi ndodo. Injini ya dizilo ikamwa madzi imapinda ma con rod, zitsulo zogwira mapisitoni, kaya ndi 1HZ kaya 1GD, ndipo snorkel, paipi ija yokokera mpweya pamwamba, si chilolezo chosandutsa motoka bwato. Mpunga mukatenge pouma, paja amakolola mvula itatha.

A bambo aang'ono anafunsanso za Hilux Surf ndi Prado zakale zija za 1KZ, kuti n'zotchipa. N'zotchipadi, koma injini imeneyo ikangotentha kamodzi, head, mutu wa injini, imang'aluka, ndipo zambiri zimene zatsala zinatenthapo kale. Ngati 105 iyi itikhumudwitse, kuli bwino tifune Hilux ya 5L kapena Nissan Patrol ya TD42, nazo n'zosavuta kukonza.

Ndiye chonde musapereke ndalama iliyonse, ngakhale akuuzeni kuti pali wina akubwera nayo kashi mawa, amatero onse. Muwapemphe white book, chikalata cha umwini wa motoka, tifananize nambala ya chasisi ndi ya injini ndi zimene zalembedwamo, tikaonetsenso ku polisi kuti si yakuba. Loweruka ndimatseka garaja 12 koloko, koma pa iyi ndibwera m'mawa ndisanatsegule, 7 koloko ndili pa geti panu. Muwauze a pa yadi kuti asailize mpaka tifike, ndipo tikufuna kuiyendetsa mpaka ku Chongwe ndi kubwerera, dizilo tithira tokha.